Viza Yatha

Ine ndimasoka nsapato ndi zikwama pakhonde la sitolo ina, moyang'anizana ndi pokwerera minibasi pa Karonga. Ndakalambira pamenepo. Munthu wosoka sayankhula kwambiri chifukwa pakamwa pamakhala ulusi, koma makutu amakhala alibe chochita.

Kumanja kwanga kuli chisakasa cha mayi Eliness Msowoya, amene tonse timawaitana a NyaMsowoya monga mwa kwathu kuno. Amaphika mbalagha, nthochi zosapsa zophikira pamodzi ndi nyama ya ng'ombe. Madalaivala, oitanira minibasi ndi anamwino amadya kwa iwo. Kumanzere kuli Rukia wa ku Mangochi, wogulitsa zitenje, amene wailesi yake siizima.

A NyaMsowoya anabadwira ku Lupembe, ndipo anakwatiwa komweko. Amuna awo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, Leticia, ali ku pulayimale. Zaka zimenezo mayiwa ankakwera pamwamba pa malole kukapikula nthochi ndi zitenje ku Kyela, kutsidya kwa Songwe, ndipo Chiswahili anachiphunzirira pamwamba pa matumba pomwepo. Miyendo itayamba kukana, anakhazikika pa mphika. Mphika umenewo ndiwo unaphunzitsa Leticia mpaka anakhala namwino.

Leticia anapeza ntchito ku Mangalande yosamalira okalamba. Kumeneko anakwatiwa ndi mnyamata wobadwira konko, dzina lake Gregory. Ukwati unachitikira mu ofesi, ndipo kuno anauonera pafoni. Abambo aang'ono a Leticia ku Lupembe zinawapweteka, makamaka a Manase, amene anatsala ngati mutu wa banja.

"Mwana wa mbale wathu wapita ngati nkhuku," anatero a Manase. "Ng'ombe za malowolo ayi, ngakhale moni ayi. Pakhomo pano asadzapondepo."

Mawuwo anakafika ku Mangalande. Kuyambira pamenepo Leticia ankakhala ndi chifukwa chaka chilichonse. Mwina tchuthi chachepa, mwina kwazizira, koma chachikulu chinali viza. Ankati mwamuna wake ndi mwana ali ndi mapasipoti akonko, ndiye kuti alowe m'Malawi pamafunika viza, ndipo ndi chintchito.

Mwanayo anali wamkazi, ndipo anamupatsa dzina la agogo ake, Eliness. A NyaMsowoya ankamuonera pafoni basi. Sakhulupirira kuti mawu angafike kutali chotero popanda kukuwa, choncho foni ikalira depoti yonse inkamva: "Halo, halo! Ukundimva? Halo, halo!" Mwana ankaseka kutsidyako. Foni ikaduka, iwo ankaipukuta ndi chitenje n'kuibwezera pachifuwa.

Tsiku lina anandiuza kuti, "Adada Zebedee, dzina langa likuyenda ndi miyendo, ine sindinaliberekepo kumsana."

Ataona kuti mwana sabwera, anaganiza zopita okha. Anagula sutikesi yabuluu ya pakaunjika, zipi yake yakufa, n'kubwera nayo kwa ine.

"Muisoke mwamphamvu. Ikukakwera ndege imeneyi."

Ndinaisoka. Anapita ku Lilongwe kukapempha viza, anawajambula nkhope ndi zala, n'kubwerako kudzadikira. Yankho linabwera lakuti ayi. Akuti sanakhutire kuti mayiwa akapita adzabwerera kwawo.

"Ndisabwerere?" anatero. "Nanga mbalagha aphike ndani? Rukia?"

Chaka chotsatira anayesanso, yankho lomwelo. Ulendo uwu sananene nthabwala. Sutikesi anaiika kunsi kwa bedi n'kumasungiramo mbewu ya nyemba.

Ndiye kunabwera tsiku lija la mu Febuluwale, chaka cha 2024. Mvula inali kumenya malata, minibasi zikuliza mahutala, wailesi ya Rukia ikulimbana nazo zonsezo. Mwadzidzidzi Rukia anatuluka m'sitolo wopanda nsapato.

"A NyaMsowoya! Viza yatha!"

"Yatha bwanji? Ndi mbalagha kodi?"

"Yatha, ndikulumbira! Boma lalengeza. Atchula maiko ambirimbiri. Mangalande yanu ilimo, Amereka ilimo, Jeremani ilimo. Akuti popanda viza!"

A NyaMsowoya anatembenukira kwa ine. Ine ndinali nditangomva kumchira kwa nkhaniyo, maina a maiko ndi mawu akuti popanda viza. Ndinawauza zomwezo.

Anaika chipande pansi. Anamanga chitenje m'chiuno, n'kutuluka pamvula pomwepo, n'kuyamba kuvina ndolo m'matope, nthungululu ili pakamwa. Mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, mawondo otupa. Oitanira minibasi anawazungulira akuomba m'manja. Mbalagha yotsala tsiku limenelo anaigawa yaulere, mpaka wamisala wa pa depoti anadya mbale yodzaza.

Madzulo anatumiza mawu pafoni: "Leticia, viza yatha. Sesa chipinda."

Yankho linabwera mawa lake: "Amama, simunamve bwino. Ndili pantchito, ndiimba Lamlungu."

"Mwamumva?" anatero kwa ine. "Wayambanso zifukwa."

Nkhani sinadikire Lamlungu. Amayi a Umanyano, gulu la amayi a kutchalitchi kwawo, anaimva pamsika. Anabwera atavala zoyera, anawapempherera a NyaMsowoya za ulendo wa pandege, anawaimbira nyimbo yotsazika. Aliyense anabweretsa kanthu koti akapatse mwana: mpunga wa Kilombero, mtedza, usipa wouma, ndi chitenje chatsopano choberekera. Nyemba zinatuluka m'sutikesi, mphatso zinalowa. Makoswe anali atadya pakona, ndiye inabweranso kwa ine. Anyamata a minibasi anali atawapatsa kale dzina, Mama Landani.

Lamlungu lija Leticia sanaimbe. Lolemba a NyaMsowoya anati apite ku Songwe akaonane ndi Hudson, mwana wa alamu awo, amene ndi ejenti wotulutsa katundu pachipata cha dziko. Anati iye ndiye amadziwa za zidindo ndi matikiti. Ine ndimagula zipi ndi guluu kumeneko, choncho tinakwera minibasi imodzi. Njira yonse mpunga unali wobiriwira mbali zonse, ndipo iwo ankauza aliyense wokwera kumene akupita.

Hudson tinamupeza pakati pa malole, mapepala ali m'manja. Anamvetsera mpaka anamaliza. Kenako anawapezera benchi pamthunzi n'kuwagulira chakumwa.

"Amama, khalani pansi kaye."

"Ndakhala kale m'minibasi. Nena."

"Viza imene boma lachotsa ndi yathu. Ija iwo amalipira polowa kuno. Yawo ija ili pomwe inali."

"Rukia anamva yekha kuti Mangalande ilimo."

"Ilimo, amama. Anthu a ku Mangalande alowe kuno popanda viza. Osati ife kupita kwawo."

"Ndiye yatha mbali imodzi?"

"Mbali imodzi."

Sanamukhulupirire. Anadzuka n'kupita kwa mayi wina wa yunifolomu ya olowa ndi otuluka, amene anali ataima pakhomo la ofesi. Mayiyo anawafotokozera mwaulemu, pang'onopang'ono, m'Chitumbuka, kuti pasakhalenso kusamvana. Anabwerera pabenchi n'kukhala. Chakumwa sanachikhudze.

Ine ndinkaganiza za mbalagha yaulere ija, za nyimbo yotsazika, za sutikesi yodzaza mphatso za eni ake. Kwathu kuno munthu akatsazikidwa ndi mapemphero, kumuonanso mawa pamsika ndi nkhani ya chaka chonse. Ndikhulupirira kuti iwonso ankaganiza zomwezo. Koma chimene ananena ndi china.

"Mdzukulu wanga wayamba kale sukulu ya mkaka. Posachedwa akhala wosaberekeka."

Tinakhala. Malole ankalowa, ena ankatuluka. Kenako pamlatho wa pamalire panatulukira mzungu wamkazi akukankha njinga yodzaza zikwama, tsitsi lake loyera ngati langali, khosi lopsa ndi dzuwa. Anaimika njinga, analowa mu ofesi, ndipo tisanamuiwale anali atatuluka akumwetulira, pasipoti ili m'manja.

"Hudson, kamufunse kwawo."

Hudson anapita n'kubwera. "Ku Mangalande, amama."

"Walipira?"

"Ayi. Angomudindira."

A NyaMsowoya anamuyang'ana mayi uja mpaka anakwera njinga n'kuzimirira kumbuyo kwa malole.

"Adada Zebedee, mono mumamudziwa?"

Mono ndi dengu lotchera nsomba mumtsinje. Nsomba imalowa, koma potulukira palibe. Ndinavomera.

"Lamulo ili ndi mono. Cholowa chilowe, chotuluka ayi. Ine masiku onsewa ndimadziyesa nsomba." Anatsegula chakumwa chija n'kumwa. "Kodi nditakhala mwini mono?"

Anatulutsa foni pachifuwa. Ndinkayesa akuimbira Leticia, koma ayi. Anali ndi nambala ya mayi a Gregory, a Eunice, amene anachoka ku Mombasa ali mtsikana n'kukakhazikika ku Mangalande. Tsiku la ukwati anangopatsana moni wa Chiswahili pafoni, basi. Sanaimbiranenso, chifukwa asebele, ndiye kuti makolo a mwamuna ndi a mkazi, sachezerana nkhani ya ukwati isanakambidwe ndi amuna a pabanja. Hudson atazindikira anagwira mutu.

"Amama, a Manase akamva?"

"Amve. Halo, halo! Mama Gregory? Halo, halo!"

Anayankhula Chiswahili chawo cha pamalole, ndipo foni anaikweza mawu, choncho ndinamva zonse.

"Ndine mama Leticia. Ndaima pachipata cha dziko langa, ndipo n'chotsegula. Mwana wanga amati chovuta ndi viza ya mwamuna wake ndi ya mwana. Viza ija yatha, ndaona ndi maso anga gogo mnzathu akulowa ndi njinga. Tsopano mundiuze inu, monga mayi mnzanga. Chatsala n'chiyani?"

Kutsidyako kunamveka kuseka, kuseka kwa munthu wonenepa, kotalika.

"Dada, mchemwali wanga, chatsala ndi mantha. Wanu akuopa abambo ake aang'ono. Wanga akuopa ng'ombe. Anabadwira kuno, ng'ombe amaidziwa ya m'paketi. Ndinamuuza kalekale kuti iwe, watenga mwana wa eni ake ngati mango otola panjira. Ine manyazi anandigwira, n'chifukwa chake sindinkaimba."

"Inenso."

"Ndiye tichite bwanji, dada?"

"Abambo ake aang'ono mundisiyire ine. Inu mugwire wanuyo khutu, mubwere naye. Karibu, takulandirani."

Anakambirana nthawi yaitali, mpaka mayunitsi anatha. Pobwerera m'minibasi sanauze aliyense kanthu. Zipi ndinaiwala kugula.

M'mawa mwake sanadikire kuti nkhani iwapeze. Anatenga chivundikiro cha mphika n'kuchimenya ndi chipande mpaka depoti inatembenuka.

"Tamverani! Viza sinathe. Yatha ya alendo. Ine sindikupita kulikonse."

Rukia anabisala kuseri kwa zitenje. Anyamata a minibasi anagwa ndi phwete.

"Mama Landani, ndege yaphonya siteji?"

"Mama Landani, kwerani iyi, ikupita Landani kudzera Chilumba!"

"Iwe unadya mbale ziwiri zaulere," anamuyankha. "Pukuta kaye mafuta pakamwa, kenako undiseke."

Anapita kwa Rukia n'kumukoka dzanja. "Tuluka, mwana wa ku Mangochi. Unamva theka, koma theka lakelo ndi labwino."

Kwa amayi a Umanyano sanabweze mphatso. Anawauza kuti usipa okha adya poopa kuwonongeka, koma mpunga ndi chitenje asunga. "Mwini wake adzadyera kuno," anatero. Ena anavomera ndi pakamwa pokha. Ndinamva mmodzi akunena podutsa pakhonde langa kuti manyazi amalankhulitsa munthu zambiri.

Leticia anaimba Lamlungu lotsatira akulira, kuti bwanji amudumpha n'kupita kwa apongozi ake. Mayi ake anamulola alire. Kenako anati, "Wamaliza? Ndipatse mwana."

Chotsala chinali Lupembe. Miyezi imeneyo ankatseka chisakasa Loweruka masana n'kukwera minibasi ya kumwera, atanyamula shuga ndi sopo. Ankabwerako nkhope ili gwa. A Manase sankafuna n'komwe kuti dzina la Leticia litchulidwe pakhomo pawo. Hudson ndiye anandiuza mmene zinathera, chifukwa analipo. Akuti a NyaMsowoya anagwada monga mwa mwambo, anamvetsera mlandu wonse kuyambira pachiyambi, nkhuku ija ndi moni uja. A Manase atatopa, iwo anati:

"Alamu, boma lenilenilo, la mbendera ndi asilikali, lachotsa viza yake. M'dziko lonse lino mwatsala ndinu nokha. Viza ya a Manase imagulidwa kuti, tikaime pamzere?"

Akuti anthu anayang'ana pansi. A Manase anakhosomola, anakhosomolanso, kenako chifuwa chija chinasanduka kuseka.

"Mkazi uyu mbale wanga anamutola kuti? Abwere mnyamatayo. Timuone ngati ali ndi miyendo iwiri."

Anabwera mu Ogasiti, nthawi ya mphepo. Hudson anawalangiza kuti atsikire ndege ku Mbeya, m'dziko la aneba athu, chifukwa kwa ife kumeneko n'kufupi kuposa Lilongwe. Chipata cha aneba analipira, chathu ayi. M'mawa wa tsikulo a NyaMsowoya anaima pakhonde langa atavala zoyera za Umanyano, chitenje chatsopano chija chili pamkono.

"Adada Zebedee, zipi zanu sizinathe?"

Zinalipo, koma ndinatseka bokosi.

Ku Songwe tinaima pafupi ndi benchi lomwe lija. Dzuwa litakwera, Hudson analoza pamlatho. Patsogolo panali mayi wamkulu thupi, wa chipewa ndi ndodo, akuyenda ngati mlathowo ndi wake. Ameneyo anali a Eunice. Pambuyo pawo mnyamata wamtali atavala jekete pa kutentha kwa Songwe, thukuta lili chuchuchu, chifukwa anamuuza kuti kwa apongozi amapita ndi ulemu. Leticia anali kumbuyo kwenikweni, akuyenda ngati wopita kubwalo la milandu. Analowa mu ofesi. Tinamva chidindo, kenako anatuluka.

Asebele awiriwo anakumbatirana ndi phokoso, Chiswahili chili mbwee. Leticia anagwada pafumbi n'kugwira miyendo ya mayi ake.

"Dzuka, udetsa siketi. Zolira tikalirira kunyumba. Ali kuti?"

Mwana anali kuseri kwa miyendo ya bambo ake, atagwira buluku ndi manja onse. A NyaMsowoya anawerama n'kutambasula manja.

"Eliness. Bwera, mwana wane."

Mwana anabisa nkhope. Gregory anayesa kumukankhira kutsogolo, iye n'kuyamba kulira. Agogo amene ankawadziwa anali aang'ono, okwana m'dzanja, okhala m'galasi. Awa anali aakulu, ovala zoyera, onunkhira utsi. Manja a a NyaMsowoya anakhala m'malere. Ine ndinayang'ana kumbali.

Nditayang'ananso, anali atagwada ndi mawondo otupa aja. Anapinda zala za manja onse awiri n'kupanga kabokosi kuzungulira nkhope yawo, ngati galasi la foni. Ndiye anakuwa, mokweza monga amachitira pa depoti, mpaka madalaivala a malole anatembenuka.

"Halo, halo! Ukundimva? Halo, halo!"

Kulira kunaleka. Diso limodzi linatuluka kuseri kwa buluku. Kenako nkhope yonse.

"Gogo Halo-halo!"

Anathamanga n'kuwagwera pachifuwa, mpaka onse awiri anatsala pang'ono kugwa chagada. A NyaMsowoya anamutembenuzira kumsana, anatambasula chitenje cha amayi a Umanyano, n'kumanga mfundo pachifuwa. Mwanayo anali wamkulu kale, miyendo inkafika m'mawondo mwawo. Leticia anati amama muthyoka msana. Iwo anangoyamba kuyenda.

Titafika pa Karonga sanalole kuti galimoto ikawatsitsire kunyumba. Anatsikira pa depoti. Anazungulira siteji yonse mwana ali kumsana, minibasi ndi minibasi, osafulumira. Anyamata aja anangoti kukamwa yasa. Kenako uja wa mbale ziwiri anakwera pachitseko cha minibasi n'kukuwa:

"Landani yabwera yokha! Mama Landani sananame!"

Rukia anaimba nthungululu mpaka mawu anamuthera. Amayi a Umanyano anabwera madzulo ake, ndipo mpunga wawo unaphikidwa, mwini wake n'kudya ndi manja.

Ku Lupembe sindinapite, si kwathu. Ndinangomva kuti nkhani ya ng'ombe anaikamba n'kuimaliza, kuti Gregory anagwira ng'ombe yamoyo pamphuno koyamba m'moyo wake, ndiponso kuti a Manase anapha mbuzi n'kumuuza kuti avule jekete asanakomoke.

Atatsala pang'ono kubwerera, sutikesi yabuluu inabweranso pakhonde langa. Mpunga wotsala ndi mtedza zinali zitaphulitsa zipi. Ndinaika yatsopano, yachitsulo. Anainyamula a Eunice.

"Yakwera ndege tsopano," anatero a NyaMsowoya akusenda nthochi. "Iyo sanaifunse ngati idzabwerera."

Miyezi yapitayi wailesi ya Rukia inanenanso za viza. Ulendo uno anaikweza, anathamangitsa wogula, n'kumvetsera mpaka wowerenga nkhani anatsazika. Kenako anabwera pang'onopang'ono, nsapato zili kuphazi.

"A NyaMsowoya, ndamva zonse, kuyambira kumutu mpaka kumchira. Akuti viza ija ikubwerera kwa maiko amene amatilipiritsa ife. Mangalande ilimo."

Iwo sanasiye kusenda.

"Ibwerere. Adzalipira. Yodula inali ya a Manase, ndipo ija inatheratu."

Foni inalira pachifuwa pawo. Anapukuta manja pachitenje n'kuitulutsa. Asanatsegule pakamwa, kamawu kakang'ono kanawatsogolera kuchokera kutsidya, kokuwa kuti depoti yonse imve.

"Halo, halo! Gogo, ukundimva? Mbalagha yatha?"

"Ilipo," anatero a NyaMsowoya. "Yako siitha. Fulumira."